Timabotolo ta mafuta onunkhira tachokera ku Joni, tingathandize maondo a mayi?

Wachisanu wa ku Dedza

Abale ndithandizeni nzeru, mwina alipo anayesapo zimenezi.

Mayi anga ali ndi zaka 68, amakhala kumudzi ku Dedza, ndipo maondo akhala akuwavuta kwa zaka zinayi tsopano makamaka lakumanja. M'mawa akadzuka sangangoimirira ayi, amayamba akhala kaye pamphasa kuwongola miyendo kenako agwire khoma ndiye adzuke, ndipo kukazizira ngati mmene kulili June uno ndiye zimanyanya, usiku amangotembenukatembenuka osagona. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi ya ukalamba, akuti kamnofu koterera kamene kamakhala pakati pa mafupa a bondo kanadyeka nde mafupa akukhulana. Vuto linakula chifukwa iwo anazolowera kugula indosidi ndi bulufeni pagolosale, kumwa m'mawa m'mimba muli pululu kuti athe kupita kudimba, mpaka chaka chatha anadwala koopsa, chimbudzi chakuda bii, tinathamanga nawo kuchipatala anakagona masiku asanu. Adokotala anati ndi zilonda zam'mimba ndipo mapilisi amenewo asadzawayandikirenso, azimwa panado basi. Koma iwo akuti panado sakumumva.

Nde asisi anga amene ali ku Joni atumiza kaphukusi kudzera kwa munthu wa basi. Muli timabotolo tinayi takuda ta 10 ml, tolembedwa lavender, peppermint, eucalyptus ndi wintergreen. Pa voice note akuti mnzawo wa kutchalitchi ndi amene amagulitsa, akuti tizipaka pabondo komanso madontho awiri atatu tizithira mu tiyi wa mayi. Ine kungotsegula ka peppermint kokha maso anayamba kutuluka misozi, ndiye mtima ukukana kuti ndimwetse zimenezi munthu amene m'mimba mwake munatuluka kale magazi. Mbali inayi ndikumva chisoni, munthu amene ankasenza yekha thumba la kachewere kuchokera kudimba lero akulephera kugwada kutchalitchi.

Zimathandizadi zimenezi kapena ndi fungo chabe? Timapaka bwanji, ndipo zakumwazo zili bwino? Loweruka ndikupita kumudzi, ndikufuna ndikafike ndikudziwa chochita.

Dalaivala wa Beira

Achimwene, chinthu chimodzi chokha chimene ndingakuuzeni ndi mtima wonse, musapake mafutawo pakhungu mmene aliri m'botolomo. Ine ndimayendetsa thanki, msana wanga unayamba kale kuvuta chifukwa chokhala pampando maola ambirimbiri, nde ndinagula ka peppermint ngati kanuko. Usiku wina tili pa boda msana unandigwira zoopsa, ndinathira m'manja mwina theka la supuni kupaka pamsana ponse, kenako ndinaika botolo la madzi otentha pamwamba pake ndikugonera kuti zilowe bwino. Mphindi zoyamba ndinamva kuzizira kokoma, kenako kunayamba kutentha ngati andithira tsabola, ndinayesa kusamba ndi madzi koma ndiye zimangowonjezereka. Kutacha pamsana panali pofiira ndi matuza awiri, ndinayendetsa mpaka ku Blantyre nditakhala chopendekera osatsamira mpando. Chipsera chilipo mpaka pano.

Amene anandithandiza anandiuza kuti zikachitika choncho umayamba wapukuta ndi mafuta ophikira wamba, kenako sopo ndi madzi, chifukwa madzi okha sachotsa mafuta amangowafalitsa. Khungu la munthu wamkulu ngati mayi anuwo ndi lopyapyala kuposa langa nde samalani.

Koma sindinama, kuthandiza kumathandiza. Pano ndimasakaniza madontho ochepa m'mafuta ophikira, madam amandisisita ndikabwera ku ulendo, ndimagona bwino. Kungoti mawa lake msana umakhala ulipobe. Chimene chinandisintha kwenikweni ndi kuima maola awiri atatu alionse kutsika kuwongola thupi.

Anamwino opuma

Mwachita bwino kufunsa musanapite mwana wanga. Ndagwira ntchito m'mawodi zaka zambiri ndisanapume ndipo inenso bondo limandivuta, choncho ndilemba motalika mundipirire.

Ndiyambe ndi zakumwazo. Ayi. Musathire mu tiyi, olo dontho limodzi. Mafuta amenewa sasungunuka m'madzi, amayandama pamwamba, ndiye dontho lija limakakhudza kukhosi ndi m'mimba lili ndi ukali wake wonse. Musanamizike ndi kuchepa kwa kabotolo, kuti kadzadze pamafunika mulu wa masamba, amawaphika ndi nthunzi kenako nkuwengula timafuta toyandama pamwamba. Eucalyptus ndi bulugamu yemweyu tili naye m'mbali mwa misewu, koma wa m'botolo munthu akameza supuni ya tiyi imodzi akhoza kukomoka, kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, ena amafa kumene. Mwana ndiye sipafunika olo supuni yonse.

Tsopano ka wintergreen ako. Kameneko musapite nako nkomwe kumudzi. Pafupifupi zonse zimene zili m'kabotoloko ndi mankhwala otchedwa methyl salicylate, amene ndi m'bale wake wa asipirini, ndipo supuni ya tiyi imodzi, kutanthauza 5 ml, mphamvu yake ndi yofanana ndi mapilisi a asipirini opitirira 20. Kabotolo kanuko ndi masupuni awiri. Asipirini ali gulu limodzi ndi bulufeni ndi indosidi amene anawaboola mayi m'mimba, ndipo mankhwalawa amalowa ndithu m'magazi kudzera pakhungu makamaka ukapaka malo aakulu kapena ukafundikirapo zotentha. Amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndiye timawaletseratu. Choopsa china nchakuti kamanunkhira ngati switi, pakhomo pa agogo sipasowa adzukulu, mwana wa zaka ziwiri akakapeza pawindo amwa. Mafuta opaka ambiri a m'famase ngati Deep Heat alinso ndi methyl salicylate yemweyo koma wosungunula kale, ngakhale amenewo kwa mayi anu funsani kaye adokotala.

Atatu otsalawo mukhoza kugwiritsa ntchito, popaka basi, ndipo mosungunula. Muyezo wake ndi wosavuta. Tengani mafuta wamba, kaya a mpendadzuwa ophikira omwewa, kaya a kokonati, kaya a malambe ngati muli nawo. Pa supuni ya tiyi imodzi ya mafuta wamba, dontho limodzi la onunkhirawo. Amenewo ndiye amati 1 peresenti ndipo ndi poyambira pabwino kwa munthu wachikulire. Khungu likalola patatha masiku angapo mukhoza kufika madontho awiri pa supuni, musapitirire atatu. Kuti musavutike, pezani kabotolo koyera kotsekeka, thiranimo masupuni a tiyi 6, ndiye kuti 30 ml, kenako madontho 6 onse pamodzi, mwachitsanzo 4 a lavender ndi 2 a peppermint. Mvetsetsani, 6 onse pamodzi osati 6 a mtundu uliwonse. Tsiku loyamba pakani pang'ono mkati mwa mkono mudikire mpaka mawa lake, pakapanda kufiira kapena kuyabwa ndiye pitani pabondo. Osapaka pa chilonda, osamangapo bandeji yothina, osaikapo zotentha pamwamba monga anachitira adalaivalawo. Ku America bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi zakudya la FDA linachenjezapo mu 2012 kuti anthu ena akupsa kwambiri ndi mafuta opaka okhala ndi menthol (wopezeka mu peppermint) ndi methyl salicylate, choncho zimene zinawachitikira sizachilendo. Mukamaliza sambani m'manja musanagwire maso kapena kunyamula khanda. Peppermint ndi bulugamu siziyenera kuyandikira nkhope ya mwana wamng'ono, zimatha kumubanikitsa, nchifukwa chake olo pa Vicks amalemba kuti osapaka mwana wosakwana zaka ziwiri.

Funso lanu lalikulu, zimathandizadi? Pang'ono, kwa kanthawi. Mu peppermint muli menthol, iyeyu amanamiza timitsempha tapakhungu timene timamva kuzizira, nde ubongo umatanganidwa ndi uthenga wa kuzizirawo, uthenga wa ululu nkuchepa mphamvu. Nchimodzimodzi mmene timachitira tikagunda chigongono pachitseko, timafulumira kusisita ndipo kupweteka kumachepadi. Zimagwira ola limodzi, awiri, mwina kupitirirapo pang'ono. Koma palibe dontho limene limalowa mpaka mkati mwa bondo kukabwezeretsa kamnofu kanadyeka kaja. Anayesapo pa okalamba odwala maondo, ku Hong Kong mu 2008 ndi mafuta a jinja ndi lalanje, ku Iran mu 2016 ndi lavender, konseko ululu unachepa pa sabata yoyamba atamaliza kusisitako, koma pofika masabata anayi kusiyana kunali kutatha. Ndiye kuti ukasiya zimabwerera. Ndipo nkovuta kulekanitsa kuti chathandiza ndi mafutawo kapena manja amene akusisitawo.

Zimene ndikufuna mukachite Lowerukalo kuposa zamafutazi ndi izi. Mukafunse kuti panadoyo akumwa bwanji, chifukwa ambiri amati sakugwira pamene akumwa piritsi limodzi ululu utafika kale pachimake. Munthu wamkulu amamwa awiri a 500 mg, kutalikitsa maola osachepera anayi, osapitirira mapilisi 8 pa tsiku lonse, ndipo ngati ali ochepa thupi kwambiri, osafika makilo 50, muyezo umatsika choncho mufunse kuchipatala. Mukayang'anenso m'chikwama mwawo ndi pansi pa pilo ngati mulibe indosidi wobisa, ndikudziwa amayi athu. Mukawaphunzitse kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuugwira m'mwamba kuwerenga mpaka 10 nkutsitsa, kakhumi mwendo uliwonse m'mawa ndi madzulo. Nyama ya pantchafu ikalimba bondo limapepukidwa, amenewa ndiye mankhwala enieni a nyamakazi ya mtunduwu ngakhale anthu sawakonda chifukwa alibe fungo.

Ndipo bondo likadzatupa mwadzidzidzi, kutentha, kufiira, thupi nkutenthanso, pamenepo osapaka chilichonse, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo.

Nachisale ku Leeds

Anamwino zonse mwanenazi ndikugwirizana nazo makamaka za kumwa ndi za wintergreen, koma pamene mwati nkovuta kudziwa ngati ndi mafuta kapena manja ndikufuna ndiikepo mawu, chifukwa kwa ine olo atakhala manjawo palibe cholakwika, bola mayi agone.

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Kuli agogo ena amene madzulo akafika amayamba kudandaula thupi lonse, mankhwala amwa kale onse a nthawi yawo palibenso chowonjezera. Abale awo ndi anesi akavomereza timawasisita manja ndi mapazi ndi mafuta osungunula okhala ndi lavender pang'ono, mphindi khumi basi, ndipo ndaona ndi maso angawa munthu amene amabuula akuyamba kuwodzera ndisanamalize phazi lachiwiri. Sindikunena kuti nyamakazi yathawa ayi. Koma ululu wa usiku uli ndi anzake, nkhawa, kusowa tulo, kusungulumwa, ndipo zimadyetsana, ukapanda kugona mawa lake bondo limapweteka kawiri. Fungo limapita molunjika ku mbali ya ubongo imene imasunga zikumbukiro ndi mmene tikumvera mumtima, nchifukwa chake ine ndikamva fungo la mvula yoyamba pa dothi, olo kuno kumene, ndimapezeka ndili kwathu ku Mchinji. Ndiye ukazolowetsa thupi kuti fungo ili likabwera ndi nthawi yopuma, limayamba kumasuka lokha.

Chimene chimandikhudza nchakuti okalamba ambiri palibe amawakhudza. Timawatumizira ndalama, timawagulira shuga ndi sopo, koma kukhala pansi kugwira mwendo wawo palibe. Inenso mayi anga anamwalira ndili kuno ndisanawachitireko zimene ndimachitira makolo a eni ake tsiku ndi tsiku, zimandipweteka mpaka lero. Nde achimwene mukapita musakangosiya kabotolo, kawasisiteni nokha tsiku loyambalo, kuyambira pansi pa bondo kukwera m'mwamba kuntchafu, pang'onopang'ono ndi chikhatho chonse, osakanikiza pa fupa kapena kuseri kwa bondo. Kenako muphunzitse mdzukulu mmodzi wodekha.

Lavender wa usiku simufunika makina aja ofukiza amagulitsa modula. Dontho limodzi kapena awiri pa kansalu, kuika pambali pa pilo, basi. Koma muwafunse kaye ngati fungolo akulikonda, ena limawadwalitsa mutu, ndipo ngati m'nyumbamo muli wa mphumu samalani chifukwa fungo lamphamvu limatha kumuyambitsa.

Za peppermint ine ndimagwiritsa ntchito pa mutu uja womanga ngati wavala duku lothina, ndikaweruka shifiti ya usiku. Pamenepo ndiye pali umboni wabwinoko kuposa wa maondo, ku Kiel ku Germany mu 1996 anapeza kuti peppermint wosungunula wopaka pachipumi ndi m'mbali mwa mutu amachepetsa mutu wa mtundu umenewu mofanana ndi panado awiri. Kungosamala asalowe m'maso. Koma kwa inu muli kumudzi mutu ukabwera ndi kutentha thupi kapena kuphwanya m'thupi kayezetseni malungo kaye, osayamba ndi mafuta.

Gogo Chimbalanga

Ana inu nkhani mukukambayi ine ndikuiona ngati yakale yomwe ija yangovala botolo. Ife tikukula amayi akadwala miyendo agogo ankawiritsa madzi, kuviika kansanza, kufinya, nkumathowa pabondo mpaka madzi atazizira, kenako kupaka mafuta a nsatsi amene ankakazinga ndi kusinja okha. Chimfine chikavuta timathyola masamba a bulugamu, kuwiritsa mumphika, kufunda bulangete pamwamba pake mpaka thukuta kamukamu. Nthawi ya Covid ija mitengo ya bulugamu inatsala yopanda masamba m'munsi monse, aliyense anakumbukira za makolo.

Ine ndili ndi zaka 74 maondo onse awiri ndi omwewo. Chimene chimandithandiza m'mawa ndi kuthowa, ndikatero ndimatha kuyenda kukafika kumsika. Ndiye funso langa kwa anamwino, mwanena kuti osaika zotentha, kodi ndiye kuti kuthowaku ndisiye? Nanga nsatsi sizingalowe m'malo mwa mafuta ophikirawo, poti kumudzi mafuta ophikira ndi odula ndipo mayi ake a mnyamatayu akaona supuni 6 zikupita pabondo mtima uwawa, adzathira mundiwo.

Chinanso mwana wanga wa ku Dedza, kayang'ane chimbudzi chimene mayi ako amapita. Ine chimene chimandipha kwambiri kunali kunjuta, kutsika kunali bwino koma kudzuka ndiye ayi, tsiku lina ndinakhala momwemo mpaka kuitana mdzukulu. Ana anga anandipangira kampando kathabwa kobowola pakati ndi chogwirira pakhoma. Palibe mafuta anandithandiza kuposa kampando kameneko.

Anamwino opuma

Agogo musasiye kuthowa, nkwabwino kwambiri pa maondo ouma m'mawa. Chimene ndikuletsa ndi kuphatikiza ziwirizi nthawi imodzi. Kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu ndiye mankhwala amalowa ambiri kuposa muyezo, komanso menthol amasokoneza kamvedwe, munthu sazindikira kuti akupsa. Choncho thowani m'mawa, mafuta a peppermint pakani madzulo khungu litazizira. Madzi othowera ayambe awayesa ndi chigongono munthu wina, makamaka ngati wodwalayo ali ndi shuga chifukwa miyendo yawo simva kutentha bwino, ndalandirapo ambiri m'wodi atapsa mapazi osadziwa.

Mafuta a nsatsi angathe ndithu kukhala osungunulira, kungoti ndi olemera, amamata, dzanja silitereka bwino posisita, mukhoza kuwasakaniza theka ndi theka ndi ena opepuka. Koma njere za nsatsi zili ndi poizoni woopsa, ana asamatafune. Za bulugamu wowiritsa mumphika, mphamvu yake ndi yochepa kutalitali poyerekeza ndi wa m'botolo, ngozi yake yaikulu ndi mphika kugubuduka pansi pa bulangete, nde ana aang'ono ayi. Za kampando mwanenazo ndiye mwandiposa, ndinaiwala, ndipo ndiwonjezere kuti ngati angavomere ndodo aziigwira dzanja la mbali imene sikupweteka. Bondo lakumanja, ndodo kumanzere. Ambiri amagwira mosemphanitsa.

A Nachisale sindikutsutsani, mwanena zoona ndipo pepani za mayi. Tulo ndi mankhwala. Chimene chimandikwiyitsa ine ndi ogulitsa amene amauza anthu kuti timabotoloti timachiza shuga, BP, khansa, mpaka munthu kusiya mapilisi ake. Mu 2014 FDA yomweyo inalembera makalata ochenjeza makampani awiri akuluakulu ogulitsa mafutawa ku America chifukwa ogulitsa awo ankalengeza kuti amathana ndi matenda ngati Ebola. Ogulitsa ambiri ndi anthu abwino, amangobwereza zimene anauzidwa ndi amene anawalowetsa bizinesiyo, ngati mnzawo wa asisi anuyo. Muwauze asisi mwaulemu, anatumiza chifukwa cha chikondi, koma nawonso ngati akumwa asiye.

Ndi zina ziwiri poti ena akuwerenga. Woyembekezera asagwiritse ntchito asanafunse kusikelo, ndipo mutu wa mayi woyembekezera makamaka miyezi yakumapeto si wopaka mafuta, akayezetse BP msanga. Msana umene ukupweteka miyezi, munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, kapena miyendo ikuchita dzanzi ndi kufooka, umenewo ungakhale TB ya msana, tisamataye nthawi ndi kusisita.

Mtsikana wa saluni

Ndingowonjezera za kuona ngati ali enieni, chifukwa ine ndinagulapo ka lavender mutauni kotchipa nkumasisitira makasitomala m'khosi, awiri anatuluka totupa. Nditaonetsa mnzanga amene anaphunzira za masaji anandionetsa kuti pa lebulo analemba kuti fragrance oil, amenewo ndi perefyumu wopangira makandulo ndi sopo kapena wofukiza m'nyumba, si opaka pathupi. Enieni amalemba essential oil, amakhala m'botolo lagalasi lakuda lokhala ndi kodonthezera, ndipo amalemba dzina la mtengowo la Chilatini, lavender amalemba Lavandula angustifolia, peppermint amalemba Mentha piperita. Mukaona mitundu yonse ikugulitsidwa mtengo umodzi kayikirani, chifukwa enieni mitengo imasiyana kwambiri, a lalanje ndi otchipa pamene a rozi ndi odula zedi.

Komanso musasiye padzuwa kapena pafupi ndi moto, akakhalitsa otsegula amasintha nkuyamba kuyabwitsa khungu. Zosakaniza zanuzo pangani zochepa zoti zithe mwezi umodzi. Ndipo amene ali ndi a mandimu kapena bergamot asapake nkupita padzuwa, amawotcha khungu nkusiya mabala akuda ovuta kuchoka, dikirani maola 12 kapena pakani usiku.

Wachisanu wa ku Dedza

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera poti patha masabata atatu.

Ka wintergreen ndinakasiya kuno ku Lilongwe, ndakatsekera m'sutikesi pamwamba pa wadiropu, ndikufuna ndikafunse ku famase katayidwe kake. Malebulo ndinaona, onse alembedwa essential oil ndi maina a Chilatini aja. Ndinagula kabotolo ka mafuta a mpendadzuwa kapadera nkulembapo ndi maka kuti ZA BONDO OSADYA, agogo munanena zoona, funso loyamba la mayi linali lakuti bwanji tikuwononga mafuta abwinobwino. Timabotolo tenitenito sindinasiye kumudzi, ndinasakaniza ndekha 4 lavender 2 peppermint pa masupuni 6 nkusiya chosakanizacho basi, pashelefu yapamwamba.

Anamwino munalosera. M'kathumba ka Baibulo ndinapezamo indosidi, mapilisi 9 okulunga m'kapepala. Tinakangana pang'ono, iwo akuti amangomwa tsiku la kudimba, ine ndinawakumbutsa masiku asanu aja tinkagona pansi m'wodi, mapeto ake anandipatsa okha. Panado ankamwadi mmodzi, usiku basi. Tinapita limodzi kuchipatala chaching'ono Lolemba lake, anawayeza sikelo ali ndi makilo 61, anawalembera kamwedwe koyenera ndipo anati tikapeza mpata tikaonane ndi a fizo, aja othandiza ndi masewera owongola mafupa ndi minofu, kuchipatala cha boma.

Loweruka lomwelo madzulo ndinayesa pamkono, Lamulungu palibe chinatuluka, nde ndinawasisita ndekha. Poyamba amakana akuti mwana wamwamuna sagwira miyendo ya mayi ake, mpaka alamu anga anawanyengerera. Bondo lakumanjalo ndinadabwa kuligwira, lakula kuposa linzake ndipo likamapindika limamveka kukhukhuluza m'manja mwangamu, zaka zonsezi ndimangomva pafoni sindinkadziwa kuti lafika pamenepo. Anayamba kundiuza nkhani za bambo anga malemu mpaka anagona ali chikhalire. Pano akuwasisita ndi mdzukulu wawo wa fomu 2 madzulo alionse.

Zotsatira zake, akuti usiku akugona bwinoko, amadzuka kamodzi m'malo mwa kanayi. Peppermint akumukonda akuti amazizira bwino. Lavender pa pilo anakana akuti akununkha ngati sopo wa kumaliro, nde tinasiya, m'mafuta osisitira mokha ndi mmene akumulola. M'mawa kuuma kulipobe chimodzimodzi, akuthowa. Kugwada sakugwadabe. Zowongola mwendo akuchita mdzukulu akawakumbutsa, akapanda kuwakumbutsa ayi. Kampando ka kuchimbudzi kalipentala wapanga ndipo akuti tinachedwa nako.

Asisi ndinawaimbira, poyamba anakhumudwa koma nditawawerengera za asipirini 20 zija anakhala chete, kenako anaulula kuti iwo akhala akuthira peppermint m'madzi akumwa ndipo chifuwa chimawaotcha, akuti asiya.

Chatsala ndi ndodo. Ndinagula yabwino yachitsulo yokhala ndi labala pansi koma ili kuseri kwa chitseko, akuti anthu kutchalitchi aziti Nangozo wakalamba. Agogo Chimbalanga, ngati inu mumayenda ndi ndodo, munayamba bwanji kuyenda nayo, alipo anakunyengererani kapena munangoganiza nokha? Ndikupitanso kumapeto kwa mwezi.